Makadi, madayisi kapena foni: chuma cha m'phanga chituluke bwanji pa tebulo la RPG?

Mu RPG, masewera a pa tebulo momwe aliyense amasewera ngati munthu wa m'nkhani, chilombo chikangogwa, funso limakhala limodzi basi: "Ndiye tapezamo chiyani?" Mabala onse aiwalika, maso onse ali pa GM, wotsogolera nkhani ndi kuyendetsa masewerawo. Apa GM atha kutsegula buku n'kuponya madayisi, atha kudina pafoni, atha kungotchula chimene anakonzeratu kunyumba, kapenanso kuyala makadi chafufumimba n'kuuza wosewera kuti asololepo limodzi. Kuno ku Mzuzu osewera masewera amenewa ndife ochepa, zipangizo zake n'zosowa, ndiye munthu asanataye ndalama kapena Loweruka lake lonse akudula mapepala, ndi bwino adziwe chimene njira iliyonse imachita.

Kusiyana kwakukulu n'kwakuti dayisi silikumbuka, pamene mulu wa makadi umakumbuka. Chachiwiri, chinthu cholembedwa pakhadi chimagwirika, chimapatsirika, chimatha kubwezedwa. Zina zonse, za mtengo ndi kukongola, zimabwera pambuyo pa ziwirizi.

Mndandanda wa m'buku ndi madayisi

Njira imeneyi ndi yakale ngati masewerawo. Inabwera limodzi ndi Dungeons & Dragons imene Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa mu 1974. Mu Dungeon Master's Guide ya 2014, buku la GM la masewerawa, chuma anachigawa potengera ukali wa chilombo: challenge rating 0 mpaka 4, 5 mpaka 10, 11 mpaka 16, kenako 17 kupita m'mwamba. Mumaponya madayisi kuti mudziwe ndalama, mumaponya d100, madayisi otulutsa nambala 1 mpaka 100, kuti mudziwe ngati muli miyala yamtengo wapatali ndi zida zamatsenga, ndipo d100 yomweyo imakutumizani ku umodzi mwa mindandanda 9, kuyambira A mpaka I. Kumeneko mumaponyanso. Mukapeza dzina la chidacho, mumapita tsamba lina kukawerenga ntchito yake. Nthawi yonseyi osewera ali phee kudikira, wina wayamba kale kuona WhatsApp.

Ubwino wake ndi woti mndandanda umayeza mwayi mwaluso kwambiri. Tengani mndandanda A: 01 mpaka 50 ndi botolo la mankhwala ochiritsa, aja obwezera moyo wa 2d4+2 (madayisi awiri a mbali zinayi, kuonjezapo 2), pamene Bag of Holding, thumba lamatsenga lonyamula katundu wambiri, ili pa nambala imodzi yokha, 99. Kuti mutengere zimenezi ndi makadi, mufunika makadi 100, ndipo 50 mwa iwo akhale ofanana. Palibe amene angakhale pansi kulemba zimenezo. Ubwino wina ndi mtengo. Kuyambira Januwale 2023, Wizards of the Coast, kampani yopanga masewerawa, inaika chikalata cha malamulo ake, System Reference Document 5.1, pansi pa Creative Commons, kutanthauza kuti aliyense atha kuchigwiritsa ntchito kwaulere, ndipo m'menemo muli malongosoledwe a zida zamatsenga zambirimbiri. Mutha kusankhamo zanu, n'kuzilemba m'kope ndi manambala 1 mpaka 20, d20 imodzi, dayisi la mbali 20, n'kukhala yokwanira.

Koma dayisi limabwereza, ndipo limabwereza msanga kuposa mmene ambiri timaganizira. Pa mndandanda wa zinthu 20 zokhala ndi mwayi wofanana, mukaponya kasanu, mwayi woti chinthu china chatuluka kawiri ndi pafupifupi 42 pa 100. Mukaponya kachisanu ndi chimodzi wafika 56 pa 100. Likakhala botolo la mankhwala palibe wodandaula. Koma likakhala lupanga la mfumu yakale limene GM analisimba mokometsera sabata yatha, n'kutulukanso lachiwiri, nkhani yatha mchere. GM amangoponyanso mwakachetechete, kusonyeza kuti iye mwini ndiye akugwira ntchito yokumbuka imene dayisi lalephera.

Palinso vuto la pepala la character, munthu wa m'nkhani amene wosewera akumuimira. Chinthu chikangolembedwa pansi pa chingwe, nyali ndi bulangete, chimamira. Miyezi ikapita, wina amafera m'manja mwa chilombo ali ndi mankhwala ochiritsa amene analemba ndi pensulo pakona ya pepala.

Chimene mulu wa makadi umachita

Mulu wa makadi uli ngati belo la kaunjika: simudziwa chimene chituluke mukalowetsa dzanja, koma zimene zili m'katimo n'zowerengeka, ndipo jekete yabwinoyo mnzanu akaitenga, yapita. Otsala amadziwa kuti zotsalazo zachepa.

Masamu ake ndi awa. Muli ndi zinthu 40, ndipo chimodzi mwa izo ndi chimene gulu lonse likuchilakalaka. Pa mndandanda woponyera dayisi, ngakhale mutaponya ka 40, pali mwayi wa 36 pa 100 woti chinthucho sichinatulukebe. Pa mulu wa makadi 40, mukasolola onse, chatuluka basi, palibe kuchitira mwina. Ndipo khadi lililonse lochoka limakweza mwayi wa otsalawo: poyamba ndi 1 pa 40, pakatsala makadi 10 ndi 1 pa 10. Osewera amazimva zimenezi ngakhale asakuwerengera. Mulu ukamachepa, manja amayamba kunjenjemera posolola.

Kwa GM, zimenezi zikutanthauza kuti mumadziwiratu chuma chonse chimene gulu lingapeze pa chigawo china cha nkhani. Chimene simudziwa ndi nthawi yake ndi munthu wake. Kwa ine uwu ndiye ubwino woposa wonse wa makadi, chifukwa chimene chimaononga masewera ambiri si chida chimodzi champhamvu ayi, ndi kuunjikana kwa zida popanda wowerengera.

Makadi ogula

Alipo, ndipo ndi okongola. Gale Force Nine inatulutsa Magic Item Cards za D&D, Paizo inatulutsa makadi a zida okhala ndi chithunzi kumaso ndi malo olembapo kumbuyo, ndipo Numenera ya Monte Cook Games, yomwe inatuluka mu 2013, ili ndi Cypher Deck ya tizida togwira ntchito kamodzi kokha. Numenera ndi chitsanzo chabwino cha masewera amene makadi amawayeneradi, chifukwa tizidato timabwera n'kupita msanga, ndipo character saloledwa kunyamula tambiri.

Kwa munthu wa ku Chibavi kapena ku Katoto, vuto loyamba n'lodziwikiratu. Makadiwa ndi oitanitsa kunja, olipira ndi ndalama zakunja zomwe n'zosowa, ndipo chigwetsereni kwacha ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, chilichonse chochokera kutsidya la nyanja chimaboola m'thumba. Onjezanipo mtengo wotumizira. Pokhapokha muli ndi m'bale wobwera kuchokera ku Johannesburg kapena ku London, ine sindingakulimbikitseni.

Vuto lachiwiri ambiri saliona mpaka atagula. Makadi otere anawapanga kuti akhale chikumbutso cha malamulo, osati mulu wochitira mayere. Chida chilichonse chimakhala ndi khadi lake, kotero mukangowasakaniza onse, chida cha legendary, chosowa kwambiri, chili ndi mwayi wofanana ndi kabotolo ka mankhwala. Muyenera kukhala pansi n'kuwasankha potengera kusowa kwake, common, uncommon, rare, very rare ndi legendary, kenako kuchotsa zonse zosagwirizana ndi dziko la nkhani yanu. Mukamaliza, mupeza kuti mukugwiritsa ntchito kagawo kochepa ka zimene munalipira, ndipo mabotolo a mankhwala, amene mumafuna ambiri, mudzalemba nokhabe pamanja.

Makadi wamba a mumsika

Iyi ndi njira yachidule, ndipo si yachilendo. Savage Worlds imagwiritsa ntchito makadi wamba posankha woyamba kumenya pa nkhondo, ndipo Dungeon Master's Guide yomwe ija imanena kuti Deck of Many Things, chida chamatsenga cha m'masewerawo, ya makadi 13 kapena 22, mutha kuipanga ndi makadi wamba. Paketi imodzi yogula ku Taifa kapena pa okala iliyonse ili ndi makadi 52 ndi ma Joker awiri, olimba, ofanana kumbuyo, osavuta kusakaniza. Inu mumangolemba m'kope kuti khadi lakuti likuimira chakuti.

Ambiri amagawa motere: a mtima akhale mankhwala ndi zakudya, a dayamondi akhale zogulitsa, a spade akhale zida zankhondo, a club akhale zipangizo zina. Nambala ikamakwera, mtengo ukwerenso. Samalani pamwamba pake. Mukanena kuti Jack, Queen, King ndi Ace onse ndi zida zamatsenga, ndiye kuti makadi 16 mwa 52, pafupifupi 31 pa 100, ndi amatsenga. Kumeneko n'kuwolowa manja kopitirira. Ma Ace anayi ndi ma Joker awiri okha, 6 mwa 54, amapereka 11 pa 100, zomwe n'zopiririka.

Njirayi imakupatsani kukumbuka kwa mulu, koma siikupatsani chinthu chogwirika. Wosewera akasolola 7 ya club, sakuona kanthu mpaka GM atawerenga m'kope, ndipo 7 ya club ili patsogolo pake siimukumbutsa kuti ali ndi mbedza yokwerera khoma. Mutha kumata kapepala pakhadipo, koma mukatero mwayamba kale kupanga makadi anuanu.

Ndiye pali nkhani ya maso a anthu. Anyamata asanu atazungulira tebulo, makadi wamba ali pakati, madayisi akugubuduka, kope lili pambali lodzaza manambala: kwa amayi a panyumba, kwa a landilodi kapena kwa akulu a mpingo odutsa, imeneyo ndi juga, ndipo kufotokoza kwanu kudzamveka ngati kudzikanira. Ngati mumasewerera kunyumba kwa makolo kapena m'chipinda cha tchalitchi, ganizirani zimenezi musanagule paketiyo.

Makadi opanga nokha

Apa ndi pamene ndikhalitsepo, chifukwa ndi njira imene ndimaikonda, komanso ndi imene ili ndi misampha yambiri.

Muyeso wabwino ndi wa makadi wamba, mamilimita 63 m'lifupi ndi 88 m'litali. Pa pepala la A4 pamatuluka makadi 9, atatu mopingasa, atatu motsika, kotero mapepala 5 akupatsani makadi 45. Pepala wamba la fotokope n'lopyapyala: zolemba zimaonekera kumbuyo, ndipo ndi chinyontho cha Mzuzu, makamaka nthawi ya mvula ndi m'nkhungu za Juni ndi Julaye, limapindika msanga. Manila ya m'mashopu a zolembera ndi yabwino, bola mugule ya mtundu umodzi, yokwanira mulu wonse ndi yotsala. Khadi limodzi likangosiyana mtundu kapena likapindika ngodya, osewera amalizindikira, ndipo mudzaona dzanja likupita pomwepo. Kuchita lamineti kumateteza, koma makadi a lamineti amaterereka, m'mbali mwake mumabaya, ndipo simungalembepo ndi pensulo. Ngati mukufuna kupirinta, malo opirintira ali mbwee m'tauni ndi ku Luwinga kufupi ndi Mzuni, komabe dzanja ndi maka yakuda n'zokwanira. Lembani zilembo zikuluzikulu. Magetsi akazima mudzawerengera pa tochi ya foni.

Pakhadi palembedwe zochepa: dzina, ntchito yake m'mizere iwiri kapena itatu, kulemera kwake, ndi timabokosi tochonga ngati chinthucho chimatha. Mwachitsanzo: "Khasu la Aphoka. La manja awiri. Limakumba ngati anthu atatu. Kamodzi pa tsiku, mukalimenyetsa pansi, mdani aliyense wokhala pafupi aponye Dexterity save ya 13, akalephera agwe." Dexterity save ndi kuponya dayisi kuti aone ngati wazemba, ndipo 13 ndi nambala yoyenera kufika. Aphoka a m'mapiri a ku Rumphi ankadziwikadi ndi kusula chitsulo, ndipo khadi lotere limagwira mtima wa wosewera wa kuno kuposa lupanga la dzina lovuta kutchula. Dzina lilembeni m'Chichewa kapena m'Chitumbuka, malinga ndi mmene mumalankhulira pa tebulo lanu, koma mawu a malamulo asiyeni mmene alili m'buku kuti pasakhale mkangano. Ine zinthu zimene anthu akuzilemekezabe lero, monga ng'oma za Vimbuza, sindiziika m'gulu la zofunkha. Pa tebulo pakhoza kukhala munthu amene agogo ake anachira nazo. Ndipo khadi lojambulidwa nsupa kapena chithumwa musalisiye pa windo kunyumba kwa eni. Amene alitole sadzafunsa kuti ndi masewera anji.

Tsopano za kasakanizidwe, pamene ambiri amapunthwa. Munthu akayamba kulemba makadi amatengeka, chida chilichonse chimene chabwera m'mutu amachilemba, mapeto ake mulu wonse ndi wa zodabwitsa zokhazokha. Kwa gulu la level 1 mpaka 4, ma character ongoyamba kumene amene mphamvu zawo zikadali zochepa, mulu wa makadi 40 ine ndingaugawe chonchi: 16 akhale zinthu zotha, monga mankhwala, mipukutu yamatsenga ndi mivi yapadera, ndipo 6 mwa amenewa akhale ochiritsa; 10 akhale katundu wamba wothandiza, chingwe, mafuta a nyali, mchere, nsalu; 6 akhale zogulitsa, mikanda ndi mphete; 5 akhale zoyambitsa nkhani, kiyi wosadziwika chitseko chake, mapu ong'ambika, kalata yopita kwa munthu amene anamwalira; ndipo atatu okha akhale zida zamatsenga zokhalitsa. Asanu a nkhani aja musawachepetse. Ndi amene amabweza zambiri, chifukwa wosewera akagwira kiyi m'manja sagona mpaka atapeza chitseko, ndipo GM wapeza ulendo wa sabata yamawa kwaulere.

Ndi mulu umenewu, khadi limodzi lili ndi mwayi wa 3 pa 40, kapena kuti 7.5 pa 100, wokhala chida chokhalitsa. Ena amakonda lamulo loti wosewera asolole atatu n'kusankhapo limodzi. Ndi lamulo losangalatsa, limapatsa wosewera mphamvu, koma dziwani kuti limakweza mwayi uja kufika pa 21 pa 100, pafupifupi kuchulukitsa katatu, ndipo mchere ndi chingwe sizidzasankhidwa konse. Lisungireni chilombo chachikulu cha kumapeto.

Mulu umodzi sukwanira masewera onse. Pafunika milu iwiri kapena itatu potengera level, yomangidwa payokhapayokha ndi mphira, ndipo gulu likakwera, mumatenga makadi angapo a mulu wapamwamba n'kuwasakaniza m'wapansi. Mukatero chuma chimakwera pang'onopang'ono m'malo modumpha.

Nanga fisi akapezeka ndi chishango? Ili ndi dandaulo lalikulu la odana ndi makadi, ndipo ndi loona. Mulu sudziwa kuti mwapha ndani. Pali mayankho awiri. Loyamba ndi kukhala ndi timilu ta malo: ka m'nkhalango, ka m'manda, ka achifwamba. Limeneli limachulukitsa ntchito yolemba. Lachiwiri, limene ine ndimatsata, ndi kusolola khadi nkhondo isanayambe, GM yekha n'kuliona. Likakhala chishango, ndiye kuti m'phanga la fisiyo muli mafupa a msilikali. Likakhala chida chimene mdani angathe kugwiritsa ntchito, achigwiritse ntchito pa nkhondoyo, osewera achilawe kaye ululu wake asanachitenge. Choipa chake n'chakuti wosewera sasolola ndi dzanja lake, ndipo chisangalalo china chimatayika. Mutha kusinthasintha: za adani asolole GM, za m'mabokosi asolole osewera.

Chida chosadziwika ntchito yake chili ndi njira yakenso. Pakhadi lembani maonekedwe okha ndi nambala, monga "14. Mphete yamkuwa, yozizira ngakhale padzuwa", ndipo ntchito yake ikhale m'kope la GM pa nambala 14. Akaizindikira, wosewera alembe yekha pakhadipo. Ichi n'chifukwa china chokanira lamineti.

Kukhala ndi chinthu m'manja kumasintha kaseweredwe m'njira zimene simungaziyembekezere. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo pa tebulo zimaoneka: botolo limene lili pakhadi patsogolo pa wosewera limamwedwa, limene lili m'mzere wa 12 papepala limaiwalika. Mkangano woti "mankhwala aja anali ndi ndani" umatha, chifukwa amene ali ndi khadi ndiye ali ndi mankhwala. Character akakomoka, mnzake amatambasuladi dzanja n'kutenga khadilo. Wakuba wa m'nkhani akaba, GM amalanda khadi lenileni, ndipo nkhope ya mwini wake muione. Malire a katundu nawo amaoneka ndi maso. Mu D&D character amaloledwa attunement, kulumikizana ndi chida chamatsenga kuti chimugwirire ntchito, ya zida zitatu zokha, ndiye jambulani mabokosi atatu papepala, khadi lachinayi lilibe pokhala. Mausritter, momwe osewera amakhala mbewa, inamanga malamulo ake onse a katundu pa mfundo yomweyi: chinthu chilichonse ndi kakhadi koikidwa m'bokosi lake, ndipo njala kapena kuvulala nakonso ndi kakhadi kolanda malo a katundu. Cairn imapatsa character malo 10 okha. Masewera onse awiriwa amapezeka aulere pa intaneti, ndipo ngakhale simudzawasewera, ndi oyenera kuwaona kuti mutengereko nzeruyi. Popanda malire otere, wosewera amaunjika makadi 20 patsogolo pake, ichi chakoma ichi chakoma, nthawi yake ikafika n'kutha mphindi zisanu akusanthula.

Ndalama musaziike pamakadi. Zimagawidwa, zimasinthidwa, zimachepa pang'onopang'ono. Malo ake ndi pepala ndi pensulo, ndipo kuchuluka kwake kuchokere ku dayisi.

Chomaliza pa njirayi ndi kusunga. Makadi asapite kunyumba ndi osewera, chifukwa adzachapidwa m'thumba la buluku kapena kutsala mu minibasi. Aliyense akhale ndi envulopu yolembedwa dzina la character wake, ndipo zonse zitsale ndi GM. Masewera akatha jambulani makadi a aliyense pafoni, kuti envulopu ikasowa pakhale poyambira.

Foni

Pa intaneti pali zida zoponyera chuma zokha, monga za pa donjon, ndipo Roll20, tsamba losewererapo RPG pa intaneti, ili ndi mindandanda yoponyera komanso milu ya makadi ya pakompyuta. Kuthamanga kwake palibe chofanana nacho: mwadina kamodzi, ndalama, miyala ndi zida zonse zatuluka. Pa gulu losewera motalikirana, wina ali ku Nkhata Bay, wina ku Lilongwe, njira ndi imeneyi basi. Ndi yabwinonso kwa GM pokonzekera kunyumba, kuti apeze maganizo olemba pamakadi.

Pa tebulo lenileni ndimaiona yozizira. Imafuna bandulo ndi batire, ndipo osewera saona mayerewo akuchitika. Amangoona GM akuyang'ana pafoni, ndipo sadziwa ngati wadina kamodzi kapena kanayi kufikira chatuluka chomusangalatsa. Zambiri mwa zida zoponyerazi zilinso ngati dayisi, sizikumbuka zimene zinatuluka sabata yatha.

Kusankha ndi dzanja, ndi kuphatikiza njira

Pali zinthu zina zosayenera kuchitira mayere n'komwe. Mkondo umene nkhani yonse yatsamirapo, cholowa cha makolo a character wina, chida chokhacho chimene chingaphe mdani wamkulu: zimenezi GM aziike yekha pamalo pake. Koma GM wosankha chilichonse yekha amagwa m'mbuna ina. Amapatsa aliyense chomuyenera ndendende, wa uta amapeza uta, wa lupanga amapeza lupanga, ndipo palibe amene amakakamizika kuganiza chochita ndi chinthu chosamuyenera. Komanso pa gulu la anthu odziwana, wina akalandira chabwino kawiri motsatizana, mawu oti kukondera sachedwa, makamaka ngati wolandirayo ndi chibwenzi kapena mng'ono wake wa GM. Khadi losolola ndi dzanja lako silikusiyira woti umuloze chala.

Ndiye amene mukuyesa masewera a tsiku limodzi ndi anzanu a ku hostel, musavutike kudula manila; mndandanda wa zinthu 20 ndi d20 zikukwanirani, chifukwa kubwereza sikupweteka pa masewera osapitirira. Amene mukufuna kulawa kukumbuka kwa mulu musanadzipereke, yambani ndi makadi wamba, ngati malo amene mumasewerera akulola. Amene muli ndi gulu lokhazikika, lokumana sabata ndi sabata kwa miyezi, makadi opanga nokha adzakubwezerani thukuta lanu, makamaka ngati pagulupo pali ana kapena oyamba kumene, amene pepala lodzaza manambala limawaopsa koma khadi lojambulidwa amalimva nthawi yomweyo. Ntchito yolembayo gawanani: wosewera aliyense alembe makadi atatu a zinthu zimene angakonde kupeza, GM awaone n'kuwachepetsa mphamvu pofunika, kenako alowe mumulu. Kawirikawiri chimene walemba iwe chimagwera mnzako, ndipo malonda amayambira pamenepo.

Pa tebulo lokhazikika, ine ndalama ndimazisiyira dayisi, zida za nkhani ndimaika ndekha koma ndimazilemberabe khadi, ndipo zina zonse zimachokera mumulu.

Patsala funso la makadi ogwiritsidwa kale ntchito. Botolo likamwedwa, khadi lake libwerere mumulu kapena likhale pambali? Mukamabweza nthawi yomweyo, mulu umadzaza ndi zinthu zotha, chifukwa zokhalitsa zimatsala m'manja mwa osewera, ndipo mwayi wa zida zabwino zotsalazo sukwera mmene ukanakwerera. Mwapha kukumbuka kuja. Bwino kuwaika pambali mpaka gulu litakwera level kapena litasamukira dera lina, ndiye muwasakanize pamodzi ndi makadi atsopano. Otsala a mulu wakale, amene sanasololedwe, ayaleni poyera gulu likafika pa msika wa m'nkhani: amenewo ndiwo katundu wa wamalonda, GM aikepo mitengo, ndipo chida chija anachisowa m'mapanga onse achigule ndi mikanda ndi mphete zimene anatola.